Funsani Kaye Mwini Dengu

Ku Zobuwe, Okutobala akafika,
malata a kalasi amalira okha ndi kutentha.
Tsiku limenelo sindinalembe kanthu pabolodi.
Ndinati: mayankho anu muwasiye pakhomo ngati nsapato zamatope,
pitani kumsewu
mukafunse anthu chimene chikuwasowetsa tulo.

Anabwerako ndi fumbi la malole m'tsitsi.
Gervazio, wa pakamwa posatseka, anati
vuto ndi metikali basi, aphunzitsi, tatha,
kalasi yonse n'kugwa ndi phwete.
Koma Anastansiya, amene mawu ake timawamva kamodzi pamwezi,
anatsegula kope:
Mayi Felizarda amapikula tomato Lolemba.
Pofika Lachinayi theka wafewa.
Amakataya kuseri kwa msika,
ndipo mbuzi zinaloweza kale nthawi yake.
Ndawerenga, anatero. Makumi anayi ndi atatu.

Ndinaluma lilime kuti ndisawauze chochita.
Ntchito yovuta ya mphunzitsi ndi imeneyo.

Panapita masiku awiri akukangana,
mpaka wina anafunsa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira
pamene a m'chigubu amafunda ngati tiyi.
Anakumba dongo kudambo,
anaumba miphika iwiri, wina kulowa mwa unzake,
mchenga wonyowa pakati, chiguduli pamwamba.
Woyamba unasweka pouwotcha.
Wachiwiri unang'aluka mmusi, unkadontha ngati mphuno ya chimfine.
Wachitatu unazizira.
Ndinapisamo dzanja ndekha, unazizira ndithu,
ndipo ana anaunyamula anayi, akuimba, mpaka kwa mayiwo.

Patatha sabata tinaupeza pakhonde,
nkhuku itaikiramo mazira asanu.

Gervazio sanaseke.
Anati tavutikiranji, anthu osayamika.
Mayi Felizarda anapukuta manja pachitenje, anati
ana anga, chinthu chanu n'chabwino,
koma msika uli kutsidya kwa zitunda ziwiri
ndipo khosi ndili nalo limodzi.

Pobwerera palibe anayankhula.
Titafika pa mlatho Anastansiya anati:
tinawafunsa chimene chimaola,
sitinawafunse mtunda.

Mmawa mwake anawaperekeza kumsika,
aliyense kusenzako dengu pang'ono
kuti amve ndi mutu wake kulemera kwa funsolo.
Anaona pamene mayiwo amatula, pamene mthunzi umathawira masana,
pamene ogulitsa makala amasesera zinyenyeswa.
Zinyenyeswazo anazitola.
Nsungwi anapempha kwa amalume a Tome,
thumba lakale anatola kusitolo,
analuka dengu la zipupa ziwiri,
makala pakati, madzi owaza ndi botolo loboola chivindikiro.
Palibe anagula kanthu.
Palibe mtengo unagwa chifukwa cha ife.

Tomato anafika Loweruka.
Osati yense, ndisaname: khumi ndi mmodzi anaola,
mbuzi zinadyabe, koma zinachoka zikudandaula.
Mayi Felizarda anatitumizira tomato asanu ndi mmodzi m'pepala
pamodzi ndi mawu akuti
dengu lanu limamwa madzi katatu patsiku ngati mwana,
nanga mjigo uli kutali, ndizitani?

Ndinkayesa ana agwa mphwayi.
Ndinatembenuka n'kupeza Gervazio ali pabolodi
ndi choko changa,
akujambula denga la msika ndi mivi yotsetsereka,
akufunsa kuti mvula ya Disembala imapita kuti ikagwa.

Usiku uno ndili ndi pepala lochokera ku boma.
Likufuna nambala pa dzina lililonse, kuyambira ziro kulekeza twente.
Mphika wosweka ndiupatse zingati?
Nanga ulendo wa zitunda ziwiri uja?
Nyali ikutha mafuta.
Pa dzina la Anastansiya cholembera changa chaima,
ndipo kunja malole akudutsa, kulowera ku Tete,
atanyamula katundu amene sanafunse aliyense.